Mafanizo a Ambuye Yesu ndi Ntchito Yake

Phunziro la akatekisti ndi Akristu a m'dera la Mwanza

Mwa mau onse a Ambuye Yesu olembedwa mu Mthenga Wabwino, palibe amene Akristu awadziwa bwino kuposa mafanizo. Mwana wa katekisimu angaiwale mayankho ambiri, koma saiwala nkhosa yotayika. Nkhalamba yosadziwa kuwerenga itha kufotokoza za mwana wolowerera kuyambira pachiyambi kufikira pamapeto. Komatu m'kudziwa komweku muli ngozi, pakuti nkhani imene munthu waimva kambiri imafika posamdabwitsanso. Aimva monga amvera mvula pa denga, nagona tulo.

M'matchalitchi a m'midzi ya ku Mwanza, kumene wansembe safikako Lamulungu liri lonse, katekisti ndiye asenza udindo wowerenga ndi kumasulira mafanizowa. Akawamasulira bwino, anthu abwerera kwao atagwidwa mtima. Akawamasulira molakwa, abwerera atamva nthano chabe, kapena atatola mwala wokagendera mnansi. Nchifukwa chake kuyenera kudziwa chimene fanizo liri, ndi mmene liyenera kugwiritsidwira ntchito.

1. Fanizo nchiyani?

Mau akuti fanizo amasulira mau a Chigriki akuti parabole, ndiko kuika chinthu pambali pa chinzake kuti munthu aone kufanana kwake. M'Chihebri, chilankhulo cha Chipangano Chakale, mau ake ndi mashal, ndipo atanthauza zambiri: mwambi, chilapi, mau okuluwika, ngakhale nkhani yathunthu. Chotero fanizo litenga chinthu chodziwika kwa onse, monga mbeu, khoka, nyale kapena ngongole, nkuchiika pambali pa chinthu chobisika, ndicho Ufumu wa Mulungu.

Mafanizo a Ambuye apezeka mwa Mateyo, Marko ndi Luka. Akatswiri a Malembo asiyana powerenga, popeza ena awerengera ndi mafanizo afupiafupi omwe. Koma ambiri apeza pakati pa 30 ndi 40. Yohane alibe nkhani za mtundu uwu, ngakhale ali ndi zifaniziro zake, monga mbusa wabwino ndi mtengo wa mpesa. Mateyo anasonkhanitsa mafanizo asanu ndi awiri m'mutu 13. Luka yekha ndiye asunga Msamariya wachifundo, mwana wolowerera, munthu wachuma ndi Lazaro, ndiponso Mfarisi ndi wokhometsa msonkho. Mateyo yekha ndiye asunga namsongole, kapolo wosakhululuka, antchito a m'munda wa mpesa ndi anamwali khumi.

Kuphunzitsa ndi nkhani si kwachilendo kwa anthu a kuno. Madzulo pa moto agogo akati padangokhala, ana ayankha kuti tiri tonse, ndipo Kalulu ndi Fisi ayamba kulankhula ngati anthu. Koma fanizo lisiyana ndi nthano pa zinthu ziwiri. Choyamba, m'mafanizo a Yesu nyama sizilankhula. Zonse nzochitika m'mudzi uli wonse: mlimi afesa, mai asesa m'nyumba kufunafuna ndalama yake, mwana apempha chuma kwa atate ake. Chachiwiri, nthano ikatha ana aseka nakagona, pakuti Fisi wolangidwayo si iwo. Fanizo likatha womva sapuma, pakuti lamsiyira funso loti ayankhe. Pa ichi lifanana koposa ndi mau a nkhoswe pa bwalo, pamene munthu wamkulu, posafuna kutchula wolakwa pagulu, aponya mwambi, ndipo mwini wake amva m'mtima kuti akunena iye.

2. Mlandu umene womva auweruza yekha

Wofuna kumvetsa ntchito ya fanizo ayambe ndi buku lachiwiri la Samueli, mutu 12. Mfumu Davide anatenga Betiseba, mkazi wa msilikali wake Uriya, nakonza kuti Uriyayo aphedwe ku nkhondo. Panalibe wolimba mtima wodzudzula mfumu. Mneneri Natani anadza, koma sanatchule chigololo kapena kupha. Anatula mlandu ngati wa anthu ena: munthu wolemera wa ziweto zambiri, atalandira mlendo, analeka kupha chiweto chake, nakalanda kankhosa kamodzi kokha ka mnansi wake wosauka, kamene mwini wake ankakalera ngati mwana. Davide anapsa mtima, nagamula kuti wolemerayo ngoyenera imfa, ndi kuti abweze kanai. Pamenepo Natani anamuuza kuti wolemerayo ndi iye mwini. Ndipo mfumu inavomera tchimo lake.

Davide akadadzudzulidwa maso ndi maso, akadadzitchinjiriza, monga achitira munthu ali yense. Koma popeza anayesa kuti akuweruza wina, anaweruza molungama, ndipo chigamulo chinagwera iye. Ichi ndicho chimake cha fanizo: ndi mlandu woikidwa pamaso pa womva, kuti auweruze yekha, napeze kuti wadziweruza.

Ambuye Yesu ankachita chimodzimodzi. M'nyumba ya Simoni Mfarisi anasimba za angongole awiri, wina wa ndalama 500, wina wa ndalama 50, onse okhululukidwa. Ndipo anafunsa Simoni kuti anene yekha amene adzakonda koposa (Luka 7). Ku Yerusalemu anasimba za ana awiri otumidwa ku munda, ndi za olima munda wobwereka amene anapha mwana wa mwini munda, nasiyira akulu a ansembe kuti agamule. Mateyo alemba kuti akuluwo anazindikira kuti akunena iwo (mutu 21). Simoni ndi akuluwo sanali adani oti agonjetsedwe. Anali anthu oti abwezedwe. Akulu a kuno anati wakutsina khutu ndi mnansi.

3. Kodi fanizo libisa kapena liulula?

Ambiri adabwa powerenga Marko mutu 4, pamene Ambuye auza ophunzira ao kuti iwo apatsidwa chinsinsi cha Ufumu, koma kwa a kunja zonse zikhala m'mafanizo, ndipo apenya osazindikira. Kodi Mpulumutsi anafuna kubisira anthu njira ya chipulumutso? Iyayi. Mauwo achokera kwa mneneri Yesaya (mutu 6), amene anatumidwa kwa anthu ouma mtima, ndipo anena zimene zichitika choonadi chikafika pa mtima wotseka. M'mutu womwewo Marko alemba kuti Yesu ankalankhula ndi anthu monga momwe akanathera kumva, ndi kuti amene anatsala nafunsa anawamasulira zonse.

Fanizo liri ngati mtedza m'khoko lake. Wofuna kudya auswa. Wosafuna aupenya kunja, nanena kuti mulibe kanthu. Mulungu sakakamiza munthu. Katekisimu wa Eklezia Katolika wa mu 1992, pa nambala 546, aphunzitsa kuti ndi mafanizo Yesu aitanira anthu ku phwando la Ufumu, komanso awafunsa kuti asankhe kotheratu, ndi kuti mau okha sakwanira popanda ntchito.

4. Pamene nkhani ikhota

Nanga katekisti apeza bwanji mfundo ya fanizo? Afunefune pamene nkhani yakhota, ndiye kuti pamene munthu wa m'fanizo achita chosachitika m'mudzi. Nkhani iyamba ndi zozolowereka kuti womva avomere. Tsono ifika pa chodabwitsa, ndipo pomwepo ndi pamene Mulungu alankhula.

Anthu a ku Mwanza adziwa ganyu. Mwini munda wa m'fanizo (Mateyo 20) alemba aganyu m'mamawa, nagwirizana nao pa dinari imodzi, ndiyo malipiro a tsiku limodzi. Alemba ena dzuwa litakwera, ena masana, ena dzuwa litapendeka, ndi ena patangotsala ora limodzi. Kufikira apa palibe chachilendo. Koma madzulo alipira onse mofanana. Palibe mlimi wa ku Thambani kapena ku Kunenekude angachite chotero, ndipo womva ali yense adandaula pamodzi ndi oyamba aja. Kudandaula kumeneko ndiko Ambuye akufuna kuonetsa. Mkristu wobatizidwa ali khanda, amene aipidwa poona wina wobatizidwa pa mphasa ya imfa alandira Ufumu womwewo, wadzipeza yekha m'fanizo.

Pa kapolo wosakhululuka (Mateyo 18) chodabwitsa chiri m'ziwerengero. Talente imodzi inali madinari 6,000. Kapoloyo anali ndi ngongole ya matalente 10,000, ndiwo malipiro a masiku 60,000,000, ngongole yosatheka kubwezedwa ngakhale ndi mtundu wathunthu. Mfumu inamkhululukira yonse. Iye tsono anakagwira pakhosi mnzake wa ngongole ya madinari 100, malipiro a miyezi itatu ndi masiku ochepa. Katekisti akapanda kufotokoza kukula kwa ndalamazi, anthu sadzamva kulemera kwa fanizoli.

Pa mwana wolowerera (Luka 15) chodabwitsa ndi tate. Mwana amene anamwaza chuma cha banja, pobwera ayenera kukhala pansi, milandu nkukambidwa, akulu nkumlangiza. Koma tate uyu amuona ali patali, namthamangira, osadikira kuti atsirize kupepesa. Ndipo fanizo silithera pa phwando. Lithera kunja, pamene tate adandaulira mwana wamkulu wokana kulowa. Luka sanena ngati analowa. Yankho lasiyidwa kwa Afarisi amene ankang'ung'udza poona Yesu akudya ndi ochimwa, ndi kwa Mkristu ali yense wokhulupirika amene safuna kuona wogwa akubwerera ku masakramenti.

5. Mmene Eklezia wakhala akumasulira

Aphunzitsi akale a Eklezia, monga Origen wa ku Alexandria ndi Augustino Woyera, episkopi wa ku Hippo kumpoto kwa Afrika amene anamwalira mu 430, ankafuna tanthauzo pa kanthu kali konse ka m'fanizo. Kwa Augustino munthu wovulazidwa pa njira ya ku Yeriko ndi Adamu, achifwamba ndi Satana ndi angelo ake, Msamariya ndi Kristu, nyumba ya alendo ndi Eklezia, ndipo mwini nyumbayo ndi Paulo mtumwi. Kumasulira kotere kuli ndi phindu lake, pakuti kufikitsa mtima kwa Kristu. Ndipo Ambuye omwe anamasulira wofesa mbeu ndi namsongole chigawo ndi chigawo. Koma kuli ndi ngozi: munthu atha kulonga m'fanizo chiri chonse chimene iye afuna, naiwala funso limene fanizo limfunsa.

Nchifukwa chake katswiri wa ku Germany, Adolf Jülicher, m'mabuku ake a mu 1888 ndi 1899, analimbikira kuti fanizo liri lonse liri ndi mfundo imodzi yaikulu. C. H. Dodd mu 1935 ndi Joachim Jeremias mu 1947 anaonjeza kuti womasulira ayenera kufunsa: Yesu ananena fanizoli kwa yani, pa nthawi yotani, ndipo anthu a ku Palestina analimva bwanji? Atatuwa sanali Akatolika, koma njirayi Eklezia saikana. Papa Pius XII m'kalata yake Divino Afflante Spiritu ya mu 1943 analimbikitsa ophunzira Malembo kuti asamale kalankhulidwe ka anthu akale, ndipo Msonkhano Wachiwiri wa ku Vatican unabwereza zomwezo m'chikalata Dei Verbum mu 1965. Chotero mfundo yaikulu iyambe yapezeka. Matanthauzo ena atsate pambuyo, osaiphimba.

Akristu a kuno ali ndi zipangizo zokwanira pa ntchitoyi. Malembo Oyera anatuluka mu 1966, ndipo Buku Loyera, lomasuliridwa ndi mipingo mogwirizana, linatuluka mu 1998. Kuyambira mu 1969 mawerengo a Misa ya Lamulungu agawidwa m'zaka zitatu. M'chaka A mafanizo a Mateyo 13 awerengedwa pa Lamulungu la 15, la 16 ndi la 17 la nyengo ya pa chaka. M'chaka C Msamariya wachifundo awerengedwa pa Lamulungu la 15, munthu wachuma ndi Lazaro pa la 26, Mfarisi ndi wokhometsa msonkho pa la 30. Katekisti atha kudziwiratu, nakonzekera nthawi ikadalipo.

6. Fanizo pa nthaka ya ku Mwanza

Nkoyenera kuyandikiza fanizo kwa omva, malinga mfundo yake isasinthe.

Mlimi wodzala chimanga pa mizere angaseke wofesa wa m'fanizo, amene ataya mbeu pa njira ndi pa miyala. Katekisti afotokoze kuti ku Palestina ankamwaza tirigu ndi dzanja, monga amwazira mawere, m'minda yodutsamo tinjira, ya thanthwe lobisika pansi pa dothi lochepa. Pamenepo anthu adzaona kuti wofesayo si wopusa koma wosaumira, ndi kuti mbali zitatu zotayika zisamgwetse mphwayi wolalika, pakuti nthaka yabwino ibweza 30, 60, ngakhale 100.

Mwanza atchuka ndi manachesi, ndipo mwini mitengo ali yense adziwa kuwawa kwa mtengo wodya malo osabala. M'fanizo la mkuyu (Luka 13) mwini munda wadikira zaka zitatu, nalamula kuti udulidwe. Wosamala munda apempha chaka chimodzi, kuti aukumbire ndi kuuthira manyowa. Apanso Luka sanena ngati unabala. Mau awa agwa mbali ziwiri. Kwa atsogoleri a mphakati ofulumira kutaya mnzao wofooka, afunsa ngati anayamba amkumbira ndi kumthira manyowa. Kwa wofookayo akumbutsa kuti chaka chopatsidwa chiri ndi malire.

Njira yochokera ku Yerusalemu kunka ku Yeriko inali ya makilomita ngati 27, yotsetsereka mamita ngati 1,000, yopita m'chipululu cha achifwamba. Achikulire a ku Mwanza safuna kuuzidwa za njira yoopsa. Akumbukira zaka za nkhondo ya ku Mozambique, pamene magalimoto a pa mseu wopita ku Zobue ndi ku Tete ankayenda m'gulu moperekezedwa ndi asilikali. Kuyambira mu 1986 othawa nkhondo anadza ochuluka, kotero kuti pofika mu 1992, chaka chimene pangano la mtendere linasainidwa ku Roma, m'Malawi munali oposa 1,000,000. Mu 2015 ena zikwizikwi anafikanso pa Kapise, ndipo mu 2016 anasamutsidwira ku Luwani, m'boma la Neno. Midzi yambiri inagawana nao malo, madzi ndi nkhuni, ndipo inachita bwino.

Koma katekisti asathere pa kuyamika omva. Katswiri wa Malamulo anafunsa kuti mnansi wake ndani, pofuna kudziwa polekezera chikondi. Yesu anatembenuza funsolo, namfunsa amene anakhala mnansi wa wovulalayo. Ndipo wachifundoyo sanali Myuda, koma Msamariya, wa mtundu umene Ayuda ankaunyoza. Apa ndi pamene nkhani ikhota. Odutsa aja anali wansembe ndi Mlevi, anthu a ku Nyumba ya Mulungu. Chotero fanizoli liyamba kulasa ansembe ndi akatekisti lisanalase ena. Ndipo lifunsa Mkristu ali yense kuti atchule m'mtima munthu amene amnyoza, kaya wa mtundu wina, wa mpingo wina kapena wa tsidya la malire, nalingalire kuti ameneyo ndiye Ambuye amuika kukhala chitsanzo chake.

7. Zolakwa zoyenera kupewa

Choyamba ndi kugenda nalo mnansi. Wolalika amene asimba fanizo akuyang'ana munthu mmodzi m'tchalitchi, kapena womva amene agwedeza mutu poganizira mlamu wake, waphonya zonse. Okhometsa msonkho a nthawi ya Yesu ankadedwa chifukwa ankatumikira olamulira achilendo ndi kulipiritsa mopitirira. Si chifukwa choti wina anyozere ogwira ntchito pa chipata cha Mwanza. Ndipo amene atuluka m'tchalitchi akuthokoza Mulungu kuti iye sali ngati Mfarisi uja, wasanduka Mfarisiyo.

Chachiwiri ndi kuyesa kuti munthu ali yense wa m'fanizo ndi chitsanzo chotsanzira. Kapitao wonyenga (Luka 16) ayamikidwa chifukwa cha kuchenjera kwake poona tsoka likudza, osati chifukwa cha kuba. Woweruza wosalungama (Luka 18) si chithunzi cha Mulungu; fanizo liti, ngati munthu woipa chotere amvera mai wamasiye wosatopa, nanji Atate a Kumwamba.

Chachitatu ndi kusandutsa fanizo sewero loseketsa. Achinyamata achita bwino posewera mwana wolowerera. Koma nthawi yonse ikathera pa kuledzera kwake ku dziko lakutali, mwana wamkulu nkuiwalika, anthu aseka nakhala osafunsidwa kanthu.

Chachinai ndi kutseka chimene Ambuye anasiya chotsekula. Wolalika asafulumire kuuza anthu kuti mwana wamkulu analowa, kapena kuti mkuyu unabala. Awasiyire funso apite nalo kwao.

8. Kakonzekeredwe

Katekisti ayambe kukonzekera pakati pa mlungu, osati Loweruka usiku. Awerenge fanizo pamodzi ndi mavesi oyambirira ndi otsatira, kuti adziwe amene ananenedwa ndi chimene chinautsa nkhaniyo. Afunefune pamene nkhani ikhota. Anene mfundo yake m'mau ochepa, oti mwana angawabwereze. Potsiriza, asanaime pamaso pa anthu, adziike yekha pa malo a Davide, nalole kuti fanizo liyambe lamweruza iye. Natani analankhula kwa mfumu atatumidwa ndi Mulungu; wolalika wosayamba wadzimvera yekha mau amene anyamula sadzabweza mtima wa munthu.

Mafunso okambirana m'miphakati

1. Kodi fanizo lisiyana bwanji ndi nthano, ndipo lifanana bwanji ndi mwambi wa pa bwalo?
2. Chifukwa ninji Natani sanatchule tchimo la Davide poyambirira?
3. Pa fanizo la nkhosa yotayika ndi la anamwali khumi, nkhani ikhota pati?
4. Ndani m'mudzi muno amene anthu angadabwe kumva kuti ndiye Msamariya?
5. Ndi Mkristu uti wofooka amene mphakati uyenera kumkumbira ndi kumthira manyowa chaka chino, ndipo ndani adzapita kwa iye?